Chambo Chimene Ntchentche Zinachikana

Munthuyo anafika pachilumba cha Kankhwazi Lolemba m'mawa, pa boti la a Adamu, nsapato atanyamula m'manja. Panalibe womuchingamira. Anali bambo wamtali wa imvi zapatalipatali, kofia yakutha ili kumutu, manja ake otuwa ndi ong'ambikang'ambika ngati a munthu amene wachapa ndi sopo waukali moyo wake wonse. Amayi a padoko atamufunsa, anati dzina lake ndi Fakiri ndipo wabwera kudzagula nsomba. Koma analibe dengu, analibe mchere, ngakhale kathumba komwe.

Rute anamuonera pawindo la kalasi yake ya Sitandade 4. Masiku amenewo mlendo wopanda katundu anthu ankamutenga ngati khutu la boma, ndipo boma linali litatenga kale munthu mmodzi pachilumbapo.

Munthu ameneyo anali Useni Chande, mphunzitsi wa sayansi. Kwa zaka ziwiri Useni ankalemba makalata ku bungwe lina la kunja, kupempha kuti ana a pachilumba aphunzire za nyanja yawo yomwe, osati za nyama za m'mabuku zimene sadzaziona mpaka kufa. Anthu ankamuseka, kufikira tsiku limene thandizo linabweradi mu 1978: makina awiri oonera tinthu tosaoneka ndi maso, maukonde a maso aang'ono, mabotolo agalasi, ndi mgolo waukulu wa fomalini, mankhwala osungira nsomba m'mabotolo kuti zisaole. Ana anayamba kubwera kusukulu ngakhale tsiku limene usipa wafa wambiri. Kenaka kunabwera kalata yoti eni thandizo atumiza munthu kudzaona ntchito, ndipo sabata yomweyo mgolo unasowa. A Alufandika, mphunzitsi wamkulu, analumbira pamaso pa apolisi kuti anamuona Useni ndi maso awo akukweza mgolowo m'bwato lake Lachisanu masana, nkuoloka nawo kumtunda. Tsopano Useni anali m'chitokosi kuboma, mlandu wake Lolemba la sabata yamawa. Anthu ankanong'ona kuti akangomupeza wolakwa, ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Palibe ankadziwa kuti Rute ndi Useni analonjezana. Mtsikana wa kutchalitchi ndi mnyamata wa kumzikiti, nkhani yotero inkafuna kuiyendera pang'onopang'ono. Useni sanamupatse mphete. Anamupatsa botolo limodzi lokhala ndi kambuna, kansomba ka m'miyala ka mizere yabuluu, dzina la kansombako atalilemba papepala ndi dzanja lake, ndipo Rute analibisa m'sutikesi pansi pa diresi la kwaya.

Belu la buleki litalira, Rute anatsikira kudoko.

Anapeza mlendoyo akudutsa nsomba za aliyense osaziyang'ana, mpaka anaima pa madengu a mayi Esitere, mkazi wa a Alufandika. Amayi ena onse nsomba zawo ankawamba kapena kuyanika, koma mayi Esitere okha ankatumiza chambo chachiwisi ku misika ya kumtunda, ulendo wa masiku awiri, ndipo chinkafika chili bwinobwino. Mlendoyo anatola chambo chimodzi, anachidina pamimba, nkuchiika pamphuno.

"Mukugula kapena mukungonunkhiza, bambo?" anatero mayi Esitere. "Chambo changa si fodya."

"Ndipatseni chimodzi."

"Chimodzi! Wogula nsomba wa kuti ameneyu?"

Mlendoyo anakulunga chambocho m'tsamba la nthochi, kenaka anagwada nkuyamba kupukuta zala zake mumchenga. Anapukuta nthawi yaitali, ngati munthu amene wagwira chonyansa. Podzuka maso ake anakumana ndi a Rute.

"Inu ndinu aphunzitsi? Nsomba za mayi aja mumadya?"

"Amandipatsako nthawi zina. Dzulo lomweli ndadya."

Mlendoyo anamuyang'ana mwachisoni.

"Musadyenso, mwana wanga," anatero, nkumapita.

*

Ataweruka, Rute anapita kwa Asiya, mnzake wowamba nsomba, mkazi wosadziwa kunong'ona.

"Kazitape? Iwe Rute, unamuonapo kazitape wa nsapato zobooka choncho? Akazitape amanenepa." Asiya anatembenuza utaka pawaya, maso ali psuu ndi utsi. "Koma poti wanunkhiza nsomba za mkazi wa hedi, ameneyo ali ndi nzeru. Tayang'ana thandala langa ili. Ntchentche ngati pamsonkhano, iliyonse ndi khadi lake." Anacheuka kaye uku ndi uku, ndiye nkupitiriza. "Tsopano pita ukaone madengu a mayi aja. Olo ntchentche imodzi. Ife timati ndi mankhwala a malonda, anakawatenga kwa sing'anga kwawoko."

"Mwina amangotsuka bwino."

"Kutsuka? Ine ndabadwira pansomba, amayi anga pansomba. Nsomba imene ntchentche yaikana ine sindinaionepo. Mphaka wanga uyu, mbava yotheratu, tsiku lina anakabako mutu. Anaununkhiza kamodzi, nkuukwirira ngati wadzithandiza."

Rute anayang'ana mphakayo.

"Ndipo ndikuuze chimene chimandiseketsa ine," Asiya analoza ndi mpeni. "Munthu ali ndi chambo madengu atatu, koma ndiwo za kunyumba kwake amadzagula kwa ine. Tsiku ndi tsiku. Ndinamufunsa, akuti a hedi chambo chimawatupitsa m'mimba. Chambo kutupitsa munthu! Koma iweyo amakupatsa, eti? Ndiwe wokondedwa."

*

Rute anawapeza a Adamu akumata boti lawo ndi thonje ndi phula. Anali munthu woumira mawu.

"Mgolo uja ndinaubweretsa ndine. Tinaunyamula anthu anayi."

"Nanga m'bwato la a Useni ungalowe?"

Anapukuta manja, nkumutsogolera pamene bwato la Useni linali, litaunjikana mchenga ndi masamba. Anaika mkono wawo chopingasa pakamwa pa bwatolo, ndipo mpata wake sunakwane nkomwe kuchokera pachigongono kufika pazala.

"Kamwa la bwato ndi limeneli. Mwendo wina kutsogolo, wina kumbuyo, ndiye kuti wakhala. Mgolo ulowera pati? Ukausanjika pamwamba, upalasa kawiri, wagudubuka." Anayang'ana kunyanja. "Lachisanu lija kunali mwera. Ine ndi boti langa sindinaoloke. A Useni Ijuma, pemphero la Lachisanu, anaswalira konkuno, phewa lawo pa phewa langa."

"Bwanji simunawauze apolisi, bambo?"

"Anafunsa ovala taye."

"Koma munthu akukafera kundende."

"A hedi ndi amene amagulitsa makadi a chipani pachilumba pano. Ndiwatsutse ndekha, mawa boti ndilibe." Analavula pambali. "Kwawo ndi kumapiri aja. Zaka zisanu pano, bwato sanalikwerepo, amaopa. Bodza lawo ndi la munthu wa kumtunda. Mwana aliyense wa kuno akanawauza kuti asinthe."

"Mutafunsidwa pagulu, munganene?"

A Adamu anatenganso phula lawo.

"Wina akayamba, ine ndidzamaliza."

*

Lachiwiri m'mawa a Alufandika anamuitanitsa ku ofesi. Anali atakhala pansi pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko cha pakhoma, taye ili pamimba, akuthira shuga mu tiyi. Shugayo anali m'botolo lagalasi, limodzi mwa mabotolo a ana aja.

"Misi Rute, ndikumva kuti mwasanduka wapolisi. Kudoko, kwa owamba nsomba, kwa opalasa. Mphunzitsi wamkazi amafunika disipulini. Lipoti langa limodzi lokha, mukakhala kwanu mukulima mpunga."

"Ndimangocheza, bwana."

"Chezani ndi choko. Lachinayi kukubwera sajeni ndi mkulu wa maphunziro. Adzalemba umboni wanga womaliza, ndipo makina aja adzawatenga, chifukwa sayansi ya nsomba yathera pompa. Ana a asodzi aphunzire za nsomba? Zinali zamisala kuyambira pachiyambi. Inu mudzaphikira alendowo. Ndiwo mukatenge kwa Asiya, zogwidwa tsiku lomwelo. Mwamva?"

Nthawi yomweyo mayi Esitere analowa ndi mbale ya zitumbuwa. Poika mbaleyo patebulo, Rute anaona manja awo. Anali otuwa, khungu likusupuka m'mphepete mwa zikhadabo, ming'alu ili m'zala monse.

Manja otero anali atawaona dzulo lake, akupukutidwa mumchenga.

*

Rute anamupeza mlendoyo masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mzikiti, akusoka nsapato yake. Rute sanapereke nkomwe moni wokwanira.

"Manja anu ndi a mayi Esitere ndi amodzi. Mumagwira chiyani nonse awiri?"

Mlendoyo anaika nsapato pansi, nkumwetulira koyamba chifikire.

"Muli ndi maso, aphunzitsi. Mabotolo a ana aja, alipo limodzi lokhala ndi mankhwala?"

"A hedi anakhuthula onse, akuti ankanunkhitsa ofesi." Rute anazengereza. Chinsinsi chake chinali chisanatulukepo m'sutikesi. "Koma lilipo limodzi."

Anakalitenga atalikulunga m'chitenje. Mlendoyo analilandira ndi manja awiri. Sanayang'ane kambuna kaja, anayang'ana pepala, nkuyendetsa chala chake chong'ambika pa zilembo za Useni.

"Amalemba bwino," anatero motsitsa. "Tsegulani, mununkhize. Pang'ono pokha."

Fungo lake linamubaya m'mphuno, misozi nkutuluka. Mlendoyo anafunyulula tsamba la nthochi lija. Chambo cha dzulo chinali chikadali chowuma gwa, maso ali mbee, ngakhale chinagona pa kutentha konseko. Anaching'amba pamimba ndi kampeni, nkuchisendeza kwa Rute. Pansi pa fungo la nsomba panali kubaya komwe kuja.

"Amasungunula ndi madzi ambiri kuti lisamveke, nkuviika nsombazo," anatero. "Ku msika wa kumtunda amayi amachita kulimbirana. Akuti chambo chaukhondo, chosatera ntchentche. Amakaphikira ana, amakaphikira odwala. Kuchipatala mankhwala amenewa sitisungira nsomba ayi."

"Mumasungira chiyani?"

"Maiti. Mitembo ya anthu."

Rute anakumbukira Lamulungu masana, mmene anayamwira mutu wa chambo mpaka fupa lomaliza, mmene ananyambitira zala, mmene anathokozera mayi Esitere atagwada. Anathamangira kuseri kwa mtengo nkusanza mpaka kukhosi kunawawa. Mlendoyo anamudikira, nkumupatsa madzi a m'birika, ketulo ya pamzikiti.

"Ndiye kuti mgolo sunaoloke," anatero Rute akupukuta pakamwa. "A hedi anautapa mpaka kuchepa, ndipo atamva kuti kukubwera woyendera, anafuna wakuba woti amuloze."

"Ndi mmene ndikuonera. Koma sajeni sangakumbe pakhomo pa mphunzitsi wamkulu chifukwa cha mphuno ya munthu wosadziwika."

"Inuyo ndinu ndani, bambo?"

"Wogula nsomba."

Rute anatseka botolo lake. Kunyansidwa kuja kunali kutakhazikika, kwasanduka chinthu chozizira ndi chakuthwa.

"Lachinayi wophika ndine," anatero.

*

Lachinayi m'mawa Rute anasankha yekha chambo zisanu m'ukonde wa mwamuna wa Asiya, zikadali kuphiriphitha. Anaziphika ndi tomato ndi anyezi, mpunga wake wonunkhira mpaka kubwalo la mpira. Tebulo analiyala m'kalasi ya Sitandade 8. Makina awiri aja anali kale m'mabokosi pakhomo, kudikira boti, ndipo a Adamu anakhala pakhonde limodzi ndi mlendo uja.

Alendo anadya mosangalala. Sajeni, bambo wonenepa wa ndevu za pamlomo, anamasula lamba. A Alufandika anatenga mutu waukulu, akuuyamwa uku akufotokoza za achinyamata a masiku ano osayamika.

"Koma chambo ichi ndiye ayi," anatero mkulu wa maphunziro. "Mwachitenga kuti, aphunzitsi?"

Rute anagwada pafupi ndi chitseko, mbale ya madzi osamba m'manja ili pamaondo. Mayi Esitere anali chiimire pambali ndi jagi.

"Ukonde wa kwa Asiya lero wabwera wopanda kanthu, bwana. Ndiye poopa kuti alendo angagone ndi njala, ndinangotapako m'dengu la mayi kunyumba kwa a hedi, lija lopita kumsika."

A Alufandika anasiya kutafuna. Diso la chambo linali pamlomo pawo. Kenaka analavula zonse, mpunga, minga, msuzi, zina nkugwera pamkono wa jekete la mkulu wa maphunziro. Anagwetsa mpando, nkuthamangira pakhonde, zala ziwiri zili kukhosi.

"Mkaka! Esitere, ndipatse mkaka!"

Jagi inagwa. Mayi Esitere anamudumphira Rute nkumuwomba khofi.

"Mfiti iwe, ukufuna kundiphera mwamuna? Nsomba zimene zija si zodya!"

Kunja kunkangomveka a Alufandika akudzikakamiza kusanza. Sajeni anabweza pang'onopang'ono nthongo ya mpunga imene inali itafika pakamwa.

"Si zodya," anabwereza. "Nanga mumagulitsa kuti anthu azikatani nazo, mayi?"

Mayi Esitere anawerama nkutola jagi ija.

"Idyani mosaopa, bwana sajeni," anatero Rute, tsaya likuyaka. "Izi zagwidwa m'mawa uno, Asiya ndi mboni. Ndanama dala. Koma afunseni a hedi chimene akusanzira."

A Adamu anaimirira pakhomo, kofia ili bwinobwino kumutu.

"Wayamba mwanayu, ine ndimalize," anatero. "Bwana, tiyeni mukaone kamwa la bwato."

*

Sajeni anayeza bwato la Useni ndi ndodo yake, anayezanso kachiwiri, nkutukwana chapansipansi. Atafika kunyumba kwa a Alufandika, mlendo uja ndi amene anatsogolera. Sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri, kumene kunali kashedi ka udzu kotseka ndi loko, nkuloza pansi. Kuchokera pakhomo pa kashediko kutsetsereka mpaka kunthochi, udzu unali utapsa mzere umodzi, ndipo nkhuku zinkapalasa kwina konse kupatula pamenepo.

"Amatayira apa madzi ake," anatero.

Loko anathyola. M'katimo munali mabeseni awiri, chambo chili ndandanda m'madzi otuwa, mimba zili m'mwamba. Munalibe ntchentche ngakhale imodzi. Pansi pa mphasa yakutha, dothi linali lofewa, ndipo khasu litangolowa kawiri linagunda chitsulo. Mgolo unatuluka utatsala pang'ono kufika theka.

Sajeni anayang'ana mabeseniwo nthawi yaitali, mpango uli pamphuno.

"Mkazi wanga amagula chambo chimenechi basi ikaima pa Benga," anatero. "Amachita kusungitsa." Anatembenukira kwa a Alufandika, amene anali atatsamira nthochi, taye yonse ili masanzi. "Inu mumadya utaka wa kwa Asiya, ana anga nkumadya izi. Mlandu wa Lolemba wasintha mwini. Mnyamata uja mawa agona kwawo, ndipo mabokosi aja abwerere m'kalasi."



Sajeni anatulutsa kabuku ndi pensulo, nkuloza mlendo uja.

"Tsopano inu, bambo. Mankhwala amenewa mwawadziwa bwanji ndi mphuno yokha?"

Mlendoyo anayang'ana manja ake.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndagwira ntchito m'nyumba ya maliro pachipatala china kumtunda. Ndimasambitsa, ndimabaya mankhwala, ndimasoka amene madokotala awang'amba. Fungo ili ndimadya nalo, ndimagona nalo. Sabata yatha ndinalimva pamsika, m'dengu la nsomba. Ndinali nditamva kale kuti pachilumba china mwasowa mgolo wa fomalini ndipo mwamangidwa mphunzitsi. Ndiye ndinalondola dengulo, basi ndi basi, mpaka padoko."

Asiya ndi amayi ena amene anadzaonerera anasunthira m'mbuyo pang'ono, wina nkukokera mwana wake kuchitenje. Mlendoyo anaziona, sanadabwe.

"Munthu kusiya ntchito, kulipira basi, chifukwa cha nsomba za eni?" anafunsa sajeni. "Ndipo mwati ndinu Fakiri. Ine ndikufuna dzina limene lili pakhadi."

"Ndili ndi mwana mmodzi, bwana. Ndinamuphunzitsa ndi manja omwewa. Kusukulu anzake ankakana kudya naye mbale imodzi, ndiye atakula anayamba kuuza anthu kuti bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Sindimuimba mlandu. Ndinamulonjeza kuti sindidzaponda kumene akugwira ntchito, ndipo lonjezolo ndalisunga mpaka Lolemba lapitali."

Rute anakumbukira tsiku limene analandira botolo lija. Anafunsa kuti akwawo akadzafuna kukambirana za ukwati adzapite kwa yani, ndipo Useni anayang'ana kumbali, nati bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Anakumbukiranso chala chong'ambika chikuyenda pa zilembo za papepala. Sanadziwe kuti wagwada nthawi yanji. Anangopezeka ali pansi pafumbi, pamaso pa anthu onse, maso atazolika, monga agwadira mkazi pamaso pa apongozi ake.

Bamboyo anamuyang'ana. Kenaka anapisa m'thumba la malaya, natulutsa khadi lopindikapindika, nalipereka kwa sajeni ndi manja awiri.

"Lembani, bwana," anatero. "Ibrahimu Chande."